Chithunzi Chimene Chinali ndi Dzina Langa

1

Ndisanayambe ndikupempheni chinthu chimodzi, owerenga: musafulumire kundimvera chisoni. Chisonicho chisungeni, mwini wake mumupeza kutsogoloku.

Dzina langa ndine Saikal. Ndinamaliza sekondale m'mudzi mwathu, kumtunda kwa At-Bashy, ndipo chaka chomwecho ndinapeza malo ku yunivesite ina ku Bishkek. Bambo anga a Toktosun anauza aliyense nkhaniyi, mpaka akavalo awo anaimva. Iwo ankaona mphunzitsi wa mawa, koma maso anga anali pa Ilgiz.

Ilgiz anali mnyamata wa mudzi woyandikana nafe, ndipo anali kale ku yunivesite mumzindamo. Anali ndi nsidze zokumana pakati, ndipo akamayankhula ankayang'ana patali ngati akuwerenga mawu olembedwa pamapiri. Tinali titangocheza kangapo, koma m'mutu mwanga tinali titamanga kale nyumba, titasankha makatani, titakangana za mayina a ana n'kugwirizananso.

Tsoka ilo, yunivesite siyang'ana nsidze. Kalata yawo inanena mosapita m'mbali kuti wophunzira aliyense abwere ndi khadi lake la katemera kuyambira ali khanda, ayezetse magazi, ndiponso ajambulitse m'chifuwa kuti zidziwike kuti alibe chifuwa chachikulu. Wopanda chidindo cha achipatala sapatsidwa bedi kuhositelo. Khadi la katemera amayi analipeza pansi pa bokosi la zofunda. Magazi ndinapereka nditatsinzina. Chinatsala n'chithunzi, ndipo galimoto yonyamula makina ojambulira inkafika kuboma kwathu mwa apo ndi apo. Kuiphonya kunali kudziitanira ulendo wautali wa kuchipatala chachikulu cha ku Naryn, pamodzi ndi mafunso a bambo.

Achimwene anga a Mederbek anali ku Russia kumanga nyumba za eni. Pakhomo anatisiyira mkazi wawo, Nurzada, ndi khanda lawo, Kubat. Alamu angawo ankandiposa ndi chaka chimodzi chokha, ndipo anachokera kuchigwa china kutali. Monga mtengwa aliyense, ankadzuka ena tonse tili m'tulo, kukama ng'ombe, kusonkha mbaula ndi ndowe zouma, kuthira tiyi atawerama. Sankayankhula ndi bambo maso ndi maso, ndipo dzina la wachibale wa mwamuna wawo silinkatuluka pakamwa pawo. Ine ankanditchula kuti Kamtsikana.

M'mawa wa tsiku la galimoto lija amayi anaitana alamu.

"Mtengwa, mperekeze uyu kuboma. Akapita yekha akaima pamzere wa ogula ayisikirimu n'kumati ndi wa chipatala."

"Amayi inu, ndine mwana kodi?"

"Mwana ali bwino, amayang'ana pomwe akuponda. Iwe umayenda ndi mutu uli m'mitambo."

Tinapita awiri, tinabwera awiri dzuwa litapendeka. Amayi atafunsa, ndinati zonse zayenda bwino. Zimene zinachitika pakati pa kupitako ndi kubwerako ndikuuzani, koma osati pano. Mundilole ndiyambe ndasonkhanitsa mphamvu.

2

Patapita masiku, anesi a Batma a pachipatala chaching'ono cha m'mudzi anatulukira pakhomo nthawi ya tiyi wa masana. Anakana kukhala pansi mpaka bambo atawakakamiza. Ananyema kachidutswa ka mkate, n'kumangokatembenuza m'manja osakadya.

"A Toktosun, chithunzi cha Saikal chabwera. Pali mthunzi kumtunda kwa phapo lakumanja."

"Mthunzi wa chiyani?"

"Sindikunena kuti ndi chifuwa chachikulu. Ndikungoti adokotala a ku Naryn akufuna kumuonanso."

Mbale ya tiyi imene alamu ankapereka kwa mlendoyo inapulumuka m'manja mwawo, phwaa! Tiyi anayenderera pansalu yodyerapo.

"Manja ako wapaka mafuta kodi?" anakalipa amayi. "Uthenga woipa sunatikwane, tiwonjezerenso mbale zosweka?"

Alamu anagwada n'kuyamba kutola zidutswa. Anandiyang'ana kamodzi kokha, cham'munsi. Ine maso anga anali pa mkate.

Anesi atangotuluka, amayi anakatseka geti okha n'kubwerera ali wefuwefu.

"Nkhani iyi isadutse mpandawo. Anthu a kuno mukuwadziwa. Mwana wa a Sabyr uja anachira kalekale, koma mpaka lero palibe amene wapita kukamufunsira ukwati. Nyumba ikatchuka ndi chifuwa, ngakhale galu wa pakhomopo sapeza mnzake."

Kuyambira pamenepo ndinasanduka mfumukazi. Anandisamutsira m'chipinda cha alendo, chofunda kuposa zonse. Mbale yanga anaimangirira ulusi wofiira kuti isasakanikirane ndi zina. Bambo anakwera kavalo kupita kumapiri kumene abusa amakhala chilimwe chonse, n'kubwera ndi mkaka wa kavalo wongokamidwa kumene, poti amati umatsuka mapapo. Ntchito zanga zonse zinagwera alamu, pamwamba pa zawo.

Madzulo ena analowa m'chipindamo ndi mbale ya ulusi wofiira ija.

"Imwani, Kamtsikana."

"Imwaniko inunso, alamu."

"Ndi wa odwala umenewo," anatero, n'kuseka. Kusekako kunathera m'kutsokomola, ndipo anatembenukira kukhoma n'kutseka pakamwa ndi nsonga ya mpango wawo.

Ndinamwa wonse. Mukuganiza kuti ndinkaopa imfa? Ayi ndithu. Chimene chinkandidya mtima n'choti makalasi ayamba ine kulibe, ndipo Ilgiz aziyenda pansi pa mitengo ya ku Bishkek ndi mtsikana wina wa nsapato zazitali, wodziwa kutchula mayina a misewu.

3

Ku Naryn tinapita ndi bambo. Anandijambulanso, anandilavulitsa m'kabotolo, anandimvetsera pamsana ndi chitsulo chozizira. Pomaliza dokotala wachikulire anapachika zithunzi ziwiri pagalasi lowala, n'kuziyang'ana nthawi yaitali akukanda chibwano.

"Chifuwa cha mwana wanu n'choyera ngati chipale chofewa chongogwa kumene."

Bambo anavula chipewa n'kupukuta nkhope nacho. "Nanga choyamba chija?"

"Makina a m'galimoto aja amagwedezeka m'misewu yathuyi. Kapena anasokoneza zithunzi, zimachitika anthu akachuluka." Anatembenukira kwa ine, n'kundiyang'ana pamwamba pa magalasi ake. "Koma ngati anasokoneza, ndiye kuti pali munthu amene akuyenda ndi mthunzi uwu. Iwe mtsikana, pamzere paja unaima pafupi ndi ndani?"

"Sindikukumbuka, adokotala."

"Sukukumbuka ngakhale nkhope?"

"Anthu anali ambiri."

Anapukusa mutu, kenako anamenya chidindo papepala langa, gwa! Phokoso limenelo linandikomera kuposa nyimbo iliyonse imene ndinamvapo.

Titafika kumudzi bambo anapha nkhosa yothokoza Mulungu. Oyandikana nafe anauzidwa kuti ndi ya mwayi wa yunivesite. Alendo asanafike, mapapo a nkhosayo akadali ofunda, amayi anandiimika pakati pa bwalo n'kundimenya nawo pamsana ndi pachifuwa monga mwa mwambo.

"Choka, choka! Zoipa zonse zipite ndi awa, mwana wanga atsale!"

Kenako anawaponyera agalu. Amene anagwira beseni la magazi pamene zonsezi zinkachitika anali alamu.

Alendo akudya, ndinapeza alamu kumtsinje akutsuka matumbo a nkhosa m'madzi otsika kuchipale. Zala zawo zinali zitafiira. Sanatembenuke, koma anadziwa mapazi anga.

"Kamtsikana."

"Ee, alamu."

"Bambo amanong'oneza amayi m'nyumba zimene anena adokotala. Ndamva ndili pakhomo. Tsopano muwauza?"

"Ndiwauza."

"Liti?"

"Ndikangolembetsa, akangondipatsa bedi. Bambo mukuwadziwa, akamva lero ulendo wanga wathera pomwepo."

"Ine sindingathe. Mtengwa sauza apongozi ake aamuna ngakhale kuti tiyi wazizira. Ndipo amayi akamva kuchokera kwa ine, andibweza kwathu. Mwana satsagana ndi mayi wobwezedwa, mukudziwa. Koma inu ndinu mwana wawo. Inu angakumvereni."

"Kanthawi kochepa kokha, alamu. Ndalumbira pa mkate."

Anafinya thumbo n'kuliponya m'beseni. Anatenga lina n'kulimiza m'madzi.

"Chabwino. Pitani mukaphunzire. Mmodzi wa ife akauone mzindawo."

Ndinawakumbatira cha kumbuyo. Pansi pa juzi ndinamva nthiti. Ndinadziuza kuti akazi oyamwitsa amaonda onse.

4

Bishkek! Ndikanakhala ndi mawu okwanira ndikanakulemberani buku lonse. Masamba ankayoyoka achikasu m'misewu, mabasi ankalira, ndipo Ilgiz ankandidikirira pageti la hositelo manja ali m'matumba. Tinkagula timabanzi ta nyama totentha n'kumadyera pabenchi, iye akundiuza kuti ndimayankhulabe ngati m'busa.

"Kwanu kuja nkhosa zinakulira bwanji uchoka?"

"Zinalira pang'ono kuyerekeza ndi mmene ulirire iwe ndikadzakusiya."

"Ha! Wangofika dzulo mumzinda, wayamba kale kuopseza anthu?"

Ndinalembetsa, bedi anandipatsa, la pafupi ndi zenera. Tsiku lomwelo ndinatenga foni kuti ndiimbire bambo, koma ndinaganiza kuti nkhani yotere siikambidwa munthu atatopa. Mawa lake kunali kalasi yoyamba. Kenako kunabwera mayeso aang'ono. Kenako ndinati nkhani yotere siikambidwa pafoni, ndikanena pa tchuthi maso ndi maso. Munthu akafuna kuzengereza, zifukwa zimamutsatira ngati anapiye.

Alamu sanandikumbutse ngakhale kamodzi. Ankangonditumizira zithunzi za Kubat, atakhala, akukwawa, ataluma nsapato ya agogo ake. Pansi pake ankalemba kuti, "Kubat akupereka moni kwa azakhali ake." Ine ndinkayankha ndi timitima tofiira n'kubisa foni pansi pa pilo.

Tsiku lina amayi anaimba.

"Ukudya koma? Usamangodya mabuku. Kuno tili bwino, kungoti mlamu wako wayamba ulesi. Dzuwa likumamupeza ali m'zofunda, ng'ombe zikulira. Waonda ngati chikwapu, masaya okha ndiwo ali psuu."

"Mwina akudwala, amayi."

"Matenda ake ali ku Russia akumanga nyumba za eni! Ine ndinali mtengwa, ndikudziwa. Mwamuna akadzangotsika basi, udzamuona akudumpha mpanda."

Amayi anaseka. Owerenga, nane ndinaseka. Mawu anali pakamwa penipeni, khomo linali lotseguka, ndipo ine ndinaseka n'kufunsa ngati angandilukire masokosi a ubweya.

5

Chipale choyamba chitagwa, mtsikana wina wa kuhositelo kwathu anapezeka ndi chifuwa chachikulu. Tonse anatiitanira kuchipatala cha ophunzira. Amene makadi awo a katemera anali operewera anawabaya pomwepo, ndipo aliyense anamubaya kajakisoni koyesera pakhungu la mkono. Anzanga ambiri panangotsala kadontho. Ine panatupa n'kufiira.

Anandijambulanso, ndipo chifuwa chinapezeka choyerabe. Dokotala wake anali mayi wa imvi, woyankhula mosafulumira.

"Sukudwala, mwana wanga. Koma kachirombo kanalowa m'thupi mwako ndipo kagona. Tikupatsa mankhwala kuti kasadzuke. Mtsikana wodwala uja unkacheza naye?"

"Ayi. Amakhala mbali ina, sitinakumanepo."

"Ndiye mwina unabwera nako kuchokera kwanu. Akutsokomola ndani kwanuko?"

"Palibe."

"Palibe." Anabwereza mawu anga ngati akuwayeza kulemera. "M'nyumba mwanu muli mwana wamng'ono?"

Ndinayang'ana chotupa cha pamkono panga.

"Ndikufunsa chifukwa wamkulu amalimba nacho chifuwachi miyezi yambiri, akuyendayenda. Khanda silitero. Kwa khanda chimatha kuthamangira kumutu, ndipo chikafika kumeneko timangoyang'ana."

Ndinatuluka m'chipatalamo. Ndinaimbira Ilgiz, tinakumana m'nyumba ya tiyi pafupi ndi hositelo. Ndinkafuna munthu woti andigwire dzanja n'kundiuza chochita.

"Ilgiz, ukukumbuka tsiku lija tinakumana pamsika wa kuboma, usanakwere minibasi yobwerera kuno?"

"Tinayenda mpaka kumlatho. Unandiuza kuti nsidze zanga zili ngati mbalame youluka." Anaseka. "Ndingaiwale?"

"Ndi tsiku limene kunabwera galimoto yojambula zifuwa."

"Ndiye?"

"Ine sindinajambulitse."

Owerenga, nayi nkhani ndinakubisirani ija. Titafika kuboma m'mawa umene uja, mzere unali utachoka pagalimoto mpaka kumsewu waukulu: ophunzira, aphunzitsi, ophika m'malesitilanti, onse ofuna chidindo. Tili pamzerepo uthenga wa Ilgiz unalowa pafoni yanga, woti anyamuka masana. Mtima wanga unalumpha mpanda ine ndikadali pomwepo. Ndinakokera alamu kuseri kwa sitolo ya mankhwala. Ndi manja angawa ndinamasula mpango wa kumutu kwawo, ndinawaluka tsitsi pawiri ngati mwana wa sukulu, ndinawaveka jekete langa n'kuwapatsa chiphaso changa.

"Kamtsikana, mutu wanga ukhale pambalambanda? Ndine mkazi wa mwini. Akandiona wina?"

"Palibe akukudziwani kuno. Ndipo munthu wa makinayo sayang'ana nkhope, wangotopa."

"Akandifunsa dzina?"

"Munene langa."

"Sindingalitchule. Ndi mwano, mukudziwa."

"Ndiye mukufuna moyo wanga uthere pamzere uwu? Inu munakwatiwa kale, zanu zinatheka. Nanga ine?"

Ndinalira misozi yeniyeni, poti misozi sindinkaisowa. Mtengwa sakanira mlongo wa mwamuna wake, ndiponso iwo ankandikonda. Analowa pamzere mutu uli pansi. Pobwerera anandiuza m'minibasi, atamanganso mpango, kuti pamene ankatchula dzina langa pakamwa panawawa ngati alawa phulusa. Ine ndinali kuganiza za kumlatho.

Chithunzi chija chinali ndi dzina langa, koma mapapo anali a Nurzada. Chipinda chofunda, mkaka wa kavalo, nkhosa, mapemphero a amayi, zonse zinapita kwa ine wopanda kanthu, wodwala weniweni akutsuka matumbo m'madzi a chipale.

Nditamaliza kufotokoza, Ilgiz anakankhira mpando wake kumbuyo. Anakokera sikafu yake m'mwamba mpaka inaphimba mphuno.

"Ndiye kwanu kuli chifuwa?"

"Ilgiz, wamva zimene ndinachita?"

"Ndamva. Koma dzana tinamwera kapu imodzi, Saikal. Bwanji sunanene?"

"Ndinachita zonsezi kuti ndikuone iwe."

"Aa, ayi, usandilowetsemo. Ine sindinakutume."

Anati ali ndi kalasi. Anatuluka tiyi wake akufukabe. Nyumba ya makatani ija inagwa popanda phokoso, ndipo chodabwitsa n'choti sindinaiyang'anenso. Pamaso panga panali Kubat ataluma nsapato.

6

Ndinakwera minibasi yoyamba m'mawa mwake. Ndinafika kumudzi masana, chipale chili mbee mpaka m'mawondo. Pabwalo panali mayi wina wowerama akuswa madzi oundana m'chomwera ng'ombe. Ndinatsala pang'ono kumupatsa moni wa mlendo. Atadzutsa mutu ndinaona maso a alamu, okulirapo, atalowa m'kati.

"Kamtsikana, mwabwera? Sukulu mwatsekera kale?"

"Kubat ali kuti?"

"Ali m'nyumba. Thupi likumatentha madzulo, ndipo bere akulikana." Anandiyang'anitsitsa. "Mwabwera kudzanena."

"Eya."

"Muwapemphe asandilande mwana. Zina zonse achite."

M'nyumba Kubat anali atagona pafupi ndi mbaula, maso ali otseguka, osalira, osasewera. Bambo ndi amayi anali atakhala pansalu yodyerapo. Sindinadikire tiyi. Ndinagwada n'kunena zonse, kuyambira kuseri kwa sitolo ya mankhwala mpaka kwa dokotala wa imvi. Alamu anaima pakhomo, manja atawapinda pamimba.

Amayi ndiwo anayamba, ndipo sanayambire pa ine.

"Iwe! Unavula mpango pakati pa boma ngati mkazi wosakwatiwa? Ndipo matendawa unabwera nawo kuchokera kwanu, makolo ako anatibisira! Mwana wanga wamupatsira, mdzukulu wanga wamupatsira. Longedza. Ukachirire kwa amako, mwanayu atsala pano!"

"Amayi, mpango ndinamasula ndine! Iwo anandipempha kuti ndinene, ine ndinakana!"

"Iwe khala chete, ndiwe mwana."

"Wasiya umwana ameneyo," anatero bambo. Anandiyang'ana ngati mmene amayang'anira kavalo amene wogulitsa wamunamizira zaka. "Saikal, unadziwa liti kuti mthunzi uja ndi wa mlamu wako?"

"Tsiku limene mbale inasweka."

"Mkaka uja ndinakautenga kumapiri, unamwa?"

"Ndinamwa."

"Nyama ya nkhosa ija unadya?"

"Ndinadya, bambo."

Anagwedeza mutu pang'onopang'ono. Akanandimenya bwenzi ndikupepukidwa. Anangodzuka, anatsitsa chikhoti chawo cha chikopa cha nkhosa pamsomali, n'kupita pakhomo pamene panaima alamu. Chikwatiwire chawo, bambo anali asanawayankhulepo mwachindunji. Anawafunditsa chikhoticho.

"Mwana wanga, tenga mwana wako. Tikupita ku Naryn tsopano lino."

"Bambo ake a Mederbek," amayi anatero, "anthu akaona galimoto ya chipatala pageti pano, adzati chiyani?"

"Adzati m'nyumba ya Toktosun muli wodwala, ndipo adzakhala akunena zoona. Mtengwayu sakubwerera kwawo. Manyazi a pakhomo pano sanabwere ndi iye, tinabereka tokha."

Alamu anayesa kuwerama monga mwa mwambo, koma chifuwa chinawagwira. Anatsokomola mpaka anatsamira khoma, ndipo pansonga ya mpango panaoneka magazi.

7

Alamu anawagoneka m'chipatala nyengo yonse yachisanu, mpaka chipale chinasungunuka ndi udzu kumera. Madokotala anati akanabwera nthawi ya chithunzi choyamba chija, akanangomwa mankhwala ali pakhomo. Tsopano mbali ina ya phapo lakumanja inawonongeka ndipo sidzabwereranso. Kubat anampeza nacho m'chifuwa chisanakwere kumutu. Atakhala kanthawi kuchipatala cha ana anatibwezera, pamodzi ndi mapiritsi oti tizimuphwanyira mumkaka. Bere analisiya tsiku limodzi, popanda womufunsa.

Ku yunivesite ndinakafotokoza ndekha zimene ndinachita. Anandichotsa chaka chimenecho, ndipo ngati adzanditenganso sindikudziwa. Oyandikana nafe anasiya kumwa tiyi kwathu. Achimwene anabwera kuchokera ku Russia, ndipo akafuna mchere pachakudya amapempha amayi ngakhale uli pafupi ndi ine. Ntchito za alamu ndinazitenga ndine, kukama, kusonkha moto, kuswa madzi oundana. Kubat ankagona m'manja mwanga. Mapazi ake oyamba anaponda akubwera kwa ine.

Tsiku limene alamu anatuluka m'chipatala tinasesa pabwalo, amayi anakazinga timandasi. Galimoto itaima, anatsika pang'onopang'ono atagwira dzanja la achimwene. Kuchoka pageti kufika pakati pa bwalo anaima kuti apume. Ataona Kubat anagwada pafumbi n'kutambasula manja.

"Bwera, kamwana kanga. Bwera kuno."

Kubat anawayang'ana. Anayang'ana mpango, anayang'ana manja oondawo. Kenako anatembenuka n'kuthamangira kwa ine, n'kubisa nkhope m'diresi langa.

"Amama," anatero, akundikoka kuti ndimunyamule.

Ndinayesa kumasula timanja take, iye n'kumalira kwambiri.

"Msiyeni, Kamtsikana," anatero alamu, manja akuwabweza pang'onopang'ono. "Musamukakamize, angandiope." Anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi. "Wanenepa. Mwamulera bwino."

M'mawu awo munalibe mkwiyo, ndipo ndikukhulupirira kuti ananena kuchokera pansi pa mtima. Chilango chimenecho ndi chimene sindinachikonzekere.

Owerenga, makamaka inu amene mwalandira makalata a yunivesite ndipo mukuona mizere ya kuchipatala ngati mpanda woima pakati pa inu ndi moyo wanu: nane ndinkaona choncho. Ndinkati chidindo n'chidindo, bola chitagwa papepala. Sindinaganize kuti makina aja anachita ntchito yake bwinobwino. Anapeza wodwala pa nthawi yake, n'kutiuza, ndipo ine ndinaima pakati n'kutseka uthengawo ndi thupi langa lathanzi. Bodza la kuseri kwa sitolo lija ndingati unali ubwana. Koma kukhala chete kumene kunatsatira ndinakusankha m'mawa uliwonse, ndili ndi foni m'manja, ndikudziwa amene akulipira.

Ngati pali munthu amene munamuuza kuti adikire pang'ono mpaka zanu zitheke, siyani kuwerenga nkhaniyi mupite kwa iye. Ena amadikira chifukwa sangathe kukukanirani.

Ine masiku ano ndili ndi ntchito imodzi. Kubat akagwa n'kundithamangira, ndimapinda manja, ndimayang'ana kumbali, ndimamusiya alire mpaka atatembenukira kwa mayi ake. Amandiyang'ana modabwa, osamvetsa chimene walakwa. Ndikumuphunzitsa kuti asandikonde kwambiri, ndipo wayamba kuphunzira.